Kwa inu amene mwangoyamba ntchito mu labu ya RF (radio frequency) kuno ku UK

Achimwene ndi achemwali amene mwafika kumene, makamaka inu amene mwalembedwa ntchito yoyeza ma amplifier, tamvani izi musanakhudze network analyzer, makina athu oyezera. Ambirife tinachokera ku ntchito ya pansanja za mafoni, komwe chingwe timachimanga ndi dzanja mpaka chitalimba, mwina kuwonjezerapo pulayala. Kuno mukatero mudzaitanidwa ku ofesi.

Sabata yanga yoyamba anandipatsa amplifier kuti ndiyeze intermodulation, kupotoza kumene kumachitika ma signal awiri akasakanikirana. Pamakinapo panali kapepala kosonyeza kuti anayesedwa ndi labu yovomerezedwa ndi UKAS, bungwe lovomereza ma labu kuno ku UK, ine n'kuti basi, zonse zili m'malo. Manambala anga anatuluka oipa, ndinatsala pang'ono kuikana amplifier yabwinobwino. Kapepala kaja kamachitira umboni za m'kati mwa makina mokha. Zingwe, ma adapter ndi combiner (kachipangizo kophatikiza ma signal awiri) zimene mwalumikiza inuyo m'mawa uno sikazidziwa.

Nkhani yake ili chonchi. Mumalowetsa ma tone awiri, kutanthauza ma signal awiri aliyense wa frequency imodzi, tinene 900 MHz ndi 901 MHz. Amplifier ikayamba kupotoza, pamabadwa tiana tiwiri, ma frequency atsopano a intermodulation ija, pa 899 MHz ndi 902 MHz, toyandikira kwambiri moti fyuluta singatichotse. Mukakweza ma tone onse awiri ndi 1 dB, tianato timakwera ndi 3 dB. Ndiye mukaphonya pang'ono mphamvu yolowa, kuphonyako kumakula pa zotsatira. N'chifukwa chake calibration ya short, open, load ndi thru payokha sikwanira pa ntchito imeneyi. Pamafunikanso kuyesa mphamvu.

Yatsani makina atenthe kaye, mphindi 30 kapena kuposerapo, inu mukamwe tiyi, pajatu azungu akuno sakana tiyi. Mukabwerako chitani zero pa power sensor, ndipo ngati mita yanu ili ndi reference ya 50 MHz, 1 mW, iyeseni pamenepo. Sensayo muiike kumapeto kwenikweni kwa chingwe, pamene amplifier idzalowe, osati pa doko la makina. Tone iliyonse muiyeze payokha itadutsa kale mu combiner. Mukatha source, mbali yotulutsa ma tone, chitani receiver, mbali yoyeza zotuluka mu amplifier, ndipo ma frequency ake afike mpaka pomwe pali tiana tija. Mukasintha chingwe ngakhale chimodzi, yambiraninso.

Chimene chinandipusitsa ine n'chakuti makinawo nawo amapotoza. Receiver ikalandira mphamvu yochuluka imabereka tiana take, inu n'kumanamizira amplifier. Bambo wina wachikulire wa mu labumo anangowonjezera attenuation (kuchepetsa mphamvu) ya 10 dB pa receiver, n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Kusiyana kwa tone ndi kamwana kaja kunasintha. Kukanakhala kupotoza kwa amplifier, kusiyanako, komwe timati dBc, kukanakhala pomwepo. Ndinachita manyazi, komabe chiyambire tsiku limenelo sindilemba nambala ndisanayese zimenezi. Ma source awiri otulutsa ma tone aja amathanso kulowererana kudzera mu combiner, choncho yezani kaye popanda amplifier, mungoika thru, cholumikiza zingwezo mwachindunji. Ngati tianato tabisala m'phokoso, chepetsani IF bandwidth, kukula kwa fyuluta ya m'kati mwa receiver, ngakhale kuyezako kuchedwe.

Za ma connector, gwiritsani ntchito torque wrench, ya 0.9 N·m pa ma connector a 3.5 mm. Muzizunguza nati yokha, thupi la connector likhale chilili. Connector ya mtundu wa SMA imalowa bwinobwino mu 3.5 mm, koma ikakhala yakutha imawononga cal kit (zida zochitira calibration) yodula kuposa malipiro anu a mwezi. Pukutani ndi isopropyl, valani lamba wa ESD, woteteza zida ku magetsi a static, padzanja.

Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uzingoti "eya". Kuno mukangoti eya amaganiza kuti mwamva, n'kukusiyirani makina. Funsani kuti reference plane, malo pamene muyezo umawerengedwera, aiika pati, mphamvu ya tone iliyonse ndi ingati, ndipo akufuna OIP3 (nambala ya intermodulation yowerengera potulukira amplifier) kapena IIP3 (yowerengera polowera), popeza ziwirizi zimasiyana ndi gain ya amplifier yonse. Yankho lawo mulilembe m'buku lanu, pamodzi ndi serial number ya sensa ndi nthawi imene munachita calibration.