Kodi ndingakwanitse kukwera phiri la Karthala?

Funso: Akonzi, ndimakwera phiri la Dedza kawirikawiri, ndipo ndikulakalaka kukaona phiri lophulika la Karthala pa chilumba cha Ngazidja ku Comoros. Kodi ndingakwanitse? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Bambo, phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198 pomwe Karthala ndi mamita 2,361, koma kwanuko mumayamba ulendo muli kale pamtunda, pamene ku Ngazidja mumayambira m'midzi ya kumunsi pafupi ndi Moroni, likulu la dziko la Comoros, n'chifukwa chake ambiri amagona m'njira. Phirili linaphulika mu 2005, phulusa lake n'kuwononga madzi akumwa. Chonde musapite nokha, pezani wokutsogolerani wa komweko. Munyamule madzi okwanira, popeza miyala yakuda ya pamwambapo imamwa mvula yonse, komanso ndi yakuthwa moti imang'amba nsapato zofewa. Mupite pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula ikachepa.