Uloya, Uphunzitsi ndi Munda: Kodi Zingayendere Limodzi?

Funso: Ndine loya wachinyamata ku Blantyre. M'mawa ndimakhala kukhoti, madzulo ndimaphunzitsa malamulo pasukulu ina yaukachenjede, ndipo Loweruka ndimakayendera munda wanga wa soya ku Dedza. Sabata yatha ndinafika mochedwa pamlandu chifukwa ndinachezera kuchonga mayeso, moti ndinapeza mayi amene ndimamuimira atakhala yekha pabenchi, misozi ili m'maso. Kodi ndisiye ntchito ina? Wowerenga, Blantyre.

Yankho: Achimwene, maloya ambiri amaphunzitsa kapena kulima, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma ntchito zitatuzi sizilemera mofanana. Tsiku la mlandu limaikidwa ndi khoti, osati inuyo, ndipo munthu amene wamangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48 monga momwe gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likunenera, choncho akakuimbirani foni simungamuuze kuti adikire mpaka mutamaliza kupalira. Mayi ujanso ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe loyang'anira maloya la Malawi Law Society, ndipo ine ndingamumvetse atatero. Mukampepese pamaso.

Uphunzitsi musausiye, chifukwa umanola nzeru zanu, koma pemphani kalasi imodzi yokha. Kumunda lembani kapitawo wokhulupirika.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi mwezi wa Novembala, pamene feteleza akufunika msanga ndipo muakaunti imene mumasungiramo ndalama za makasitomala anu muli ndalama za chipukuta misozi cha munthu wina. Musakhudzeko ngakhale tambala imodzi, ngakhale mutatsimikiza kuti mudzabweza mukakolola.