Kodi kusankhidwa ndi mphakati n'kokwanira kuti munthu atsogolere mapemphero?

Mayi wina wandilembera kuti akhristu a mphakati wake (kagulu ka mabanja a Chikatolika okhala moyandikana) amusankha kuti azitsogolera mapemphero a Lamulungu pa tchalitchi chawo cha kumudzi, kumene wansembe amafikako mwa apo ndi apo. Akufunsa ngati ayenera kuyamba waphunzira, popeza ena akumuuza kuti kudziwa kuwerenga ndi kukonda Mulungu n'kokwanira.

Mayi, kusankhidwa kwanu n'chiyambi chabwino, koma udindowo umachokera kwa Ambuye Episkopi kudzera mwa bambo mfumu a parishi yanu, ndipo maphunziro simungawalambalale. Ndime 230 ya malamulo a Mpingo wa Katolika imalola akhristu eni ake kutsogolera mapemphero, kubatiza ndi kupereka Ukalistia pamene atumiki odzozedwa akusowa, koma ndime 231 ikuti odzipereka pa ntchito ya Mpingo ayenera kulandira maphunziro oyenera ntchitoyo.

Chifukwa chake chimaonekera pa Lamulungu lenilenilo. Wotsogolera amene sanaphunzitsidwe amatha kukhala pa mpando wa wansembe, kapena kuwerenga pemphero la Ukalistia chifukwa choti walipeza m'buku, osazindikira kuti mwambo wopanda wansembe si Misa ndiponso kuti Ukalistia umene akupereka unadalitsidwa kale pa Misa ina. Pa maliro napo pamavuta koposa. Anamfedwa akamanong'onezana za ufiti, wina mpaka kuloza chala agogo a pakhomopo, wotsogolera ayenera kudziwa chimene Mpingo umaphunzitsa za imfa ndi kuuka kwa akufa, komanso mmene angachinenere kumanda popanda kunyoza olira kapena kuvomereza bodza. Zimenezi munthu sazidziwa chifukwa cha changu chokha.

Miphakati, monga umene wakusankhaniwo, inakhazikika m'zaka za m'ma 1970, pamene maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, anaiika patsogolo mu 1973 ndi 1976, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe, episkopi wa Lilongwe nthawi imeneyo, anali mmodzi mwa amene anailimbikitsa kwambiri. Kuganiza kwanga n'kwakuti tinafulumira kugawana maudindo kusiyana ndi kuphunzitsa owasenza, ndipo maparishi ambiri amakhutira ndi kamsonkhano ka tsiku limodzi.

Dziwaninso kuti kutsogolera mapemphero sikufanana ndi kukhala katekisiti wokhazikitsidwa. Utumiki umenewu Papa Francis anaukhazikitsa pa 10 May 2021 m'kalata ya Antiquum Ministerium, ndipo ndi wa amuna ndi akazi omwe. Kalatayo ikufuna maphunziro a Baibulo, a chiphunzitso cha Mpingo, a ubusa ndi a kaphunzitsidwe, ndipo dongosolo lake inalisiya m'manja mwa maepiskopi a dziko lililonse.

Choncho pitani kwa bambo mfumu pamodzi ndi wapampando wa mphakati, mukapemphe kuti dzina lanu lilembedwe pa maphunziro a parishi kapena a dayosizi. Podikira, muziyenda ndi katekisiti wanu ku mapemphero ndi ku maliro, ndipo musavomere kupereka Ukalistia musanalandire chilolezo.