Kodi seva yoyendera Linux yaulere ingadalirike?

Mmodzi wa inu, amene amayang'anira makompyuta pa kampani ina yaing'ono, wanditumizira imelo. Akuti abwana ake akukana zoika Ubuntu, mtundu wina wa pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta ya Linux, pa seva yatsopano (kompyuta yotumikira makompyuta ena), ati chaulere sichikhalitsa, bola kugula Windows Server. Akufunsa ngati abwanawo akunena zoona.

Achimwene, pa kulimba kwa pulogalamu yeniyeniyo abwana anu aphonya. Kuyambira Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko, a pa mndandanda wa TOP500, amayendera Linux. Netflix imafikitsa mafilimu kwa anthu kudzera m'maseva a FreeBSD, nayonso yaulere. Kulipiranso sikutchinga ngozi. Pa 19 Julaye 2024 update yolakwika ya CrowdStrike, kampani ya zoteteza makompyuta, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zambiri mpaka kulephera kunyamuka. Cholakwa sichinali cha Windows, inde, koma amene analira tsikulo anali makasitomala olipira ndithu.

Zaulere nazo zili ndi zipsera zake. Mu 2014 kunapezeka bowo la chitetezo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene maseva osawerengeka amadalira koma inkasamalidwa ndi anthu ochepa zedi. Amene anakhulupirira CentOS 8, mtundu winanso wa Linux yaulere, anauzidwa kuti idzathandizidwa mpaka 2029, kenaka kampani ya Red Hat inaidula kumapeto kwa 2021. Anthu anasamukira ku Rocky Linux ndi AlmaLinux akung'ung'udza.

Komabe abwana anu musawaseke, nkhawa yawo ili ndi mutu, kungoti sanaifotokoze bwino. Ndalama imene kampani imapereka kwa Microsoft kapena Red Hat kwenikweni imagulira munthu woti mumuimbire zinthu zikavuta. Nanga Ubuntu wanuyo akaima usiku, inu muli kumudzi ku maliro, foni yathima, adzaigwira ndani? Ngati mu ofesimo wodziwa Linux ndinu nokha, pamenepo ndiye pofooka. Ndinaonapo seva yabwinobwino itafufutidwa chifukwa mnyamata amene anaiika anapeza ntchito kwina osasiya ngakhale password.

Ine ndikanakhala inu ndikanaika Ubuntu LTS, imene imatuluka zaka ziwiri zilizonse ndipo imalandira ma update achitetezo kwa zaka zisanu. Ndalama ya laisensi muwapemphe abwana agulire UPS yabwino (batire loyendetsa seva magetsi akathima), poti kuthimathima kwa magetsi kumaononga disiki posayang'ana kuti muli Windows kapena Linux. Yotsalayo iphunzitse mnzanu mmodzi, ndipo backup yanu (kope la mafayilo losungidwa padera) muyese kuibwezeretsa iye akuona.