Yankho kwa mphunzitsi amene ana ake akufuna kuguba chifukwa cha mnzawo wa madiredi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale yoyendera ya boma. Iwo akuti mphunzitsi wamkulu anabweza mnyamata wa Fomu 1 wochokera kubanja lachirasita, namuuza kuti asadzapondenso pasukulupo kufikira atameta. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akwiya, akukonza zonyanyala maphunziro ndi kuguba, ndipo apempha mayiwa kuti awatsogolere. Funso lawo ndi lakuti, kodi akakhala kumbali ya anawo sadzaoneka ngati akugalukira bwana wawo, nanga achite chiyani?

Aphunzitsi, poyamba dziwani kuti pankhaniyi lamulo lili kumbali ya mnyamatayo. Mu Januwale 2020 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linapereka chiletso choti ana achirasita asabwezedwe m'sukulu za boma, ndipo pa 8 Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba anagamula kuti kukakamiza anawa kumeta asanalandiridwe kukusemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Bwaloli linalamula unduna wa zamaphunziro kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utadziwitsa sukulu zake zonse. Gawo 20 la malamulowo limaletsa tsankho, gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense, ndipo gawo 33 limateteza chipembedzo cha munthu. Choncho inu mukalankhula simukugalukira boma limene linakulembani ntchito, mukungokumbutsa za chigamulo chimene boma lenilenilo liyenera kutsatira.

Sindikhulupirira kuti mphunzitsi wamkulu wanuyo ndi munthu wankhanza. Ambiri a ife tinakula tikumetedwa mpala tsiku lotsegulira sukulu, ndipo achikulire amakumbukira kuti m'nthawi ya Kamuzu Banda mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa ngakhale pabwalo la ndege. Chizolowezi chimenechi chinakhazikika kwambiri moti ena amaona ngati mwana wosameta ndi mwana wosamvera. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muyambe mwakaonana nawo panokha mu ofesi mwawo, mwaulemu, mutanyamula pepala lofotokoza chigamulocho, pakuti munthu wamkulu akadzudzulidwa pamaso pa ana amaumitsa khosi ngakhale atazindikira kuti walakwa.

Za kugubazo ndikukayika, ngakhale mkwiyo wa anawo ndikuumvetsa ndiponso ndikuulemekeza. Tonse taona mmene zionetsero za ana asukulu zimathera kawirikawiri kuno kwathu: wina amaponya mwala pazenera, apolisi amabwera, sukulu imatsekedwa, makolo amalipiritsidwa zowonongeka, ndipo amene anatsogolera amachotsedwa mayeso a MSCE ali pafupi. Choipitsitsa n'chakuti mlandu wonsewo adzausenzetsa mnyamata uja, ndipo anthu a m'mudzi adzati, si izi, marasita amabweretsa chisokonezo. Athandizeni anawo kulemba kalata imodzi yomveka bwino, isainidwe ndi onse ofuna, ndipo atsogoleri awo akaipereke kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Mawu akhale awoawo, inu mungowongolera mfundo za lamulo. Inunso mudzutse nkhaniyi pamsonkhano wa aphunzitsi ndi kupempha kuti ilembedwe m'maminitsi, ndipo ndi bwino mutapeza anzanu awiri kapena atatu oti mulankhulire limodzi, kuti isaoneke ngati mkangano wa inu ndi abwana.

Zikakanika pasukulupo, makolo a mwanayo ndiwo ali ndi mphamvu yokadandaula ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu, ndipo akapanda kuthandizidwa angapite ku bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya Ombudsman. Njira yokambirana imathandiza: mkangano wa kuvala hijabu m'sukulu, umene unafika poipa ku Balaka mu 2019, unazizira mu 2021 pamene atsogoleri achisilamu ndi achikhristu anasainirana mgwirizano kudzera mu bungwe la Public Affairs Committee.

Pali ntchito ina imene anawo angaiyambe mawa lomwe popanda chilolezo cha wina aliyense. Tsiku lililonse limene mnzawo ali kunyumba akutsalira m'maphunziro, motero asinthane kumupititsira manotsi ndi kumufotokozera zimene zaphunzitsidwa. Akadzabwerera, padzakhala ena omutcha mayina okhudza chamba, mwinanso aphunzitsi omukhazika kumbuyo kapena kumudumpha akakweza dzanja, ndipo zimenezi khoti silingazione. Afunseni ana a Fomu 4 amene akufuna kugubawo kuti ndani mwa iwo adzayende naye polowa pageti m'mawa woyambawo, ndiponso ndani adzakhale naye pa nthawi ya buleki sabata yonse yoyamba.