Achemwali opita ku Istanbul, kaoneni Kariye, koma osati Lachisanu

Achemwali, mwafunsa za visa, za hotelo ya ku Laleli, ndi za tchalitchi chakale choti mukaone tsiku limene mudzapume kuoda katundu. Ziwiri zoyambazo ayankhe ena. Ine ndinena za tchalitchi basi.

Aliyense pano akuti Hagia Sophia, tchalitchi chakale chotchuka chimene tsopano ndi mzikiti, ndipo ndikuganiza kuti ena mwa iwo anangoiona pa Facebook. Ndi yaikulu ndithu, koma mukalipira pafupifupi mayuro 25, kuima pa mzere padzuwa, kenako n'kungokukwezani m'chipinda cham'mwamba. Ine ndikuti pitani ku Kariye, ena amati Chora, kufupi ndi linga lakale la mzinda ku Edirnekapı. Ndi kakang'ono, koma mukalowa khosi limachita kuwawa ndi kuyang'ana kudenga. Zithunzi zake ndi za timiyala ting'onoting'ono ndi golide, zopangidwa cha m'ma 1315 mpaka 1321 ndi ndalama za Theodore Metochites, nduna ya mfumu. Iyeyo mukamuona pamwamba pa khomo, atagwada, chipewa chake chachikulu ngati dengu, akupereka tchalitchicho kwa Yesu. M'chipinda cha pambali muli chithunzi chopenta cha Yesu akukoka Adamu ndi Hava m'manda, atawagwira pamkono ngati mayi akutulutsa ana m'matope. Pamenepo ndinaima nthawi yaitali.

Tsono machenjezo. Panopa ndi mzikiti. Anautsegulanso mu 2024, ndipo Lachisanu alendo salowa. Ine ndinazimva mochedwa. Ndinayambira kumunsi ku Balat, kumene kuli nyumba za mitundumitundu zimene anthu amajambulirapo zija, n'kumati ndikwere wapansi. Chitunda chake si chamasewera, msewu wa miyala, ine nditavala nsapato zoterera. Ndafika pamwamba thukuta lili kamukamu, mlonda akungondipukusira mutu. Ndinabwereranso Lolemba, ndipo tsiku looda linandithera choncho.

Ndiye inu muchite mosemphanitsa. Ku Laleli kwerani tramu (sitima yoyenda mumsewu) ya T1 mpaka Topkapı, musinthe mukwere T4 mutsike pa Edirnekapı. Mugule Istanbulkart, khadi lolipirira tramu, takisi isiyeni. Mukatha kuona Kariye mutsetsereke kupita ku Balat, miyendo idzakuthokozani. Polowa ndi mayuro 20 kapena kuposerapo pang'ono, mitengo kumeneko imasintha ngati kwathu kuno. Mutenge mpango wakumutu, chitenje chimene chija chimagwiranso ntchito, ndipo pofika pa kapeti muvule nsapato. Nthawi ya mapemphero ikakwana amakudikiritsani panja, choncho kum'mawa ndiye bwino.

China, chenjerani ndi opolisha nsapato. Wina anagwetsa burashi patsogolo panga, ine ndi ulemu wa kwathu n'kumutolera. Anathokoza ngati ndamupulumutsa ku imfa, kundigwira phazi kuti apolishe "mwaulere", pomaliza akufuna ndalama yokwana nkhomaliro ya anthu awiri. Burashi ikagwa, ipitirireni.

Mukafika kumunsi m'mbali mwa nyanja muli katchalitchi koyera ka anthu a ku Bulgaria, ka St Stephen, komangidwa ndi chitsulo chokhachokha mu 1898. Mukagogode khoma mumve. Kuchoka apo tramu ya T5 ikufikitsani ku Eminönü, T1 n'kukubwezani ku Laleli dzuwa lisanalowe.