Nkhumba zanenepa, nanga mnofu uli kuti?

Bambo wina wa ku Mitundu watumiza dandaulo. Anali ndi nkhumba zinayi za mimba imodzi, zosakaniza mtundu wachizungu wa Large White ndi zamakolo. Zitaleka kuyamwa mu Januwale ankazipatsa makombo a kukhitchini, kholowa ndi madeya apo ndi apo, poti ndalama zonse zinali zitapita ku feteleza. Atakolola n'kugulitsa mtedza anagula matumba a madeya, n'kumazithirira mosaumira kwa miyezi iwiri mpaka zinadzaza khola. Koma wa butchala atapha yoyamba anapeza mafuta ochindikala pamsana, ofewa tepetepe, mnofu wochepa, ndipo pa zitatu zotsalazo anatsitsa mtengo. Bamboyu akufunsa kuti: "Kodi sanandibere ameneyu? Kapena madeyawo ndiwo anali oipa?"

Bambo, sanakubereni, ndipo madeyawo musawanamizire. Mlandu uli m'kalata yanu momwemo, pamene mwalemba kuti "apo ndi apo". Tiana ta nkhumba munatisiya ndi njala pa nthawi imene thupi limamanga mnofu, mwadzakumbuka kudyetsa nthawi yomanga mnofu itapita. Inu nomwe simungathire feteleza chimanga chitamasula kale ngayaye n'kumayembekeza zisononkho zazikulu. M'mera mpoyamba, ngakhale m'khola. Ndipo si inu nokha. Chaka ndi chaka, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, madandaulo a mtundu umenewu amandipeza, nthawi zonse kuchokera kwa alimi amene nkhumba zawo zinadutsa dzinja zikulira ndi njala m'khola.

Nkhaniyi inayesedwa kalekale, ndipo ndikufuna muimve bwino chifukwa ikukamba za khola lanu ndendende. Wasayansi wina wa ku New Zealand, C. P. McMeekan, anachita kafukufuku pa yunivesite ya Cambridge ku England pansi pa katswiri wa za kakulidwe ka ziweto John Hammond, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1940. Anatenga nkhumba za Large White zapachibale n'kuzigawa m'magulu anayi. Gulu loyamba linkadya mokhuta kuyambira pa ubwana mpaka tsiku lophedwa. Lachiwiri linkadya mokhuta mpaka masabata 16, kenako anayamba kulichepetsera. Lachitatu analimana chakudya mpaka masabata 16, kenako n'kulikhutitsa. Lachinayi analimana moyo wake wonse. Nkhumba zonse anazipha zitafika pa sikelo imodzi, pafupifupi makilogalamu 90, n'kuzisenda bwinobwino, mafupa paokha, mnofu paokha, mafuta paokha, chilichonse n'kuchiyeza.

Kulemera kunali kofanana, koma za m'kati zinasiyana kutalitali. Nkhumba zamafuta kuposa zonse zinali za gulu lachitatu, zomanidwa zili zazing'ono n'kukhutitsidwa pambuyo pake. Zimenezo ndiye zanuzo, bambo. Zimene zinapereka nyama yabwino, ya mnofu wambiri ndi mafuta apakatikati, zinali za gulu lachiwiri, zodya bwino paubwana n'kuchepetseredwa kumapeto. Chifukwa chake n'choti ziwalo za chiweto sizikulira limodzi. Mafupa amatsogola, mnofu umatsatira, mafuta amabwera pomaliza. Chakudya chochuluka chikafika nthawi ya mafupa ndi mnofu itadutsa, thupi lilibe kwina kochiika, limangochisandutsa mafuta. Tsono nkhumba zanu zili ndi magazi a zamakolo, zimene mwachibadwa zimafulumira kuunjika mafuta kuposa Large White yeniyeni, ndiye vuto linangowirikiza.

Za kufewa kwa mafutawo ndikuuzani mosakayika ngakhale nyamayo sindinaione: ndi madeya okhaokha. Madeya a m'zigayo zathu zokonola amatuluka ndi mtima wa chimanga, ndipo mmenemo ndi mmene muli mafuta a chimanga, amene ndi amadzimadzi. Nkhumba ili ndi chifu chimodzi, sibzikula. Mafuta amene yadya amakakhala pamsana pafupifupi mmene analowera. Ng'ombe ndi mbuzi n'zosiyana, tizilombo ta m'chifu chawo chachikulu timalimbitsa mafutawo asanalowe m'thupi. Wa butchala amadana ndi mafuta ofewa chifukwa sadulika bwino, sachedwa kununkha, ndipo wa pachiwaya akaika pamoto theka limasungunuka, kasitomala n'kumati wamuchepetsera.

Chinanso, madeya ndi chakudya chopatsa mphamvu, zomanga thupi muli zochepa, pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse. Kamwana ka nkhumba kongoleka kuyamwa kamafuna magawo 18 kapena kuposerapo, yokulirapo 16. Kusiyana kumeneko kholowa sangakutseke.

Mankhwala ake ine ndimadziwa amodzi, ndipo alimi a m'dera langa anatopa nako kundimva: soya wokazinga. Soya ali ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 38 pa 100, ndipo za mtundu umene chimanga chimaperewera. Ena adzakuuzani za keke ya mpendadzuwa (zotsala akafinya mafuta), ena usipa, ena chakudya chogula m'matumba. Zonsezo zimagwira, koma soya mumalima nokha kuseri kwa nyumba, ndipo amakusiyirani chonde m'munda. Keke ya thonje yokha ndiyo musayerekeze kupatsa tiana ta nkhumba, ili ndi poizoni amene ng'ombe yaikulu imapirira koma nkhumba ayi.

Kasakanizidwe n'kosavuta. Madeya makilogalamu 30, ufa wa soya makilogalamu 10, mchere magalamu 200, laimu wa ziweto magalamu 400. Yezani pa sikelo, chifukwa ndowa ya soya imalemera kuposa ndowa ya madeya, ndipo ambiri amasokonekera pamenepo. Mukatero mwafika pafupifupi pa magawo 17, pafupi ndi mlingo wofunika uja. Soya ameneyu akhale wokazinga kapena wowiritsa kwa theka la ola n'kuyanika. Wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimatsekereza kugaya chakudya m'mimba, nkhumba imadya koma osakula, mwinanso n'kutsegula m'mimba. Pokazinga, moto ukhale wapakatikati, muzitakasa mpaka afiire pang'ono ndipo fungo lauwisi lithe. Mukapsereza mwaononga zomanga thupi zomwe mumazifunazo. Ndinaonapo gulu lina la amayi litakazinga thumba lathunthu m'mgolo mpaka kuda bii, n'kumadabwa kuti nkhumba sizikusintha.

Mudzati soya ndi wodula. Tiyeni tiwerengere mwachidule. Kuchokera pa kuleka kuyamwa, masabata 8, kufika masabata 16, kankhumba kamodzi kamadya tingoti kilogalamu imodzi pa tsiku, zonse pamodzi pafupifupi makilogalamu 60. Gawo limodzi mwa magawo anayi ndi soya, ndiye makilogalamu 15. Pa nkhumba zinayi, thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi kachidutswa. Basi. Ndalama imene wa butchala anakudulani pa nkhumba zitatu zija ndikukhulupirira ikanagula thumba limenelo, chenji n'kutsala. Vuto lenileni ndi nthawi. Soya amatchipa mu Epulo ndi Meyi, pamene aliyense akuthamangira kwa mavenda, koma nkhumba zimamufuna mu Januwale. Sungani thumba limodzi pa nthawi yokolola, mulilembe kuti la nkhumba, ngakhale kubwere maliro musalikhudze.

Ndipo muziyang'ana kalendala musanapereke nkhumba yaikazi kwa yamphongo. Bere la nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Ikakweredwa mu Ogasiti imaswa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ana n'kuleka kuyamwa pakatikati pa njala. Mu 2002, komanso mu 2016 ndi 2024 mvula itavuta, madeya anasanduka chakudya cha anthu, pachigayo anthu akulimbirana, ndipo amene anali ndi tiana ta nkhumba miyezi imeneyo anangotigulitsa motaya. Ngati mulibe posungira chakudya, konzani kuti ana azibadwa chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, kuti poleka kuyamwa apeze zokolola zili pakhomo.

Zikapitirira masabata 16 yambani kuchepetsa soya, magawo asanu a madeya pa gawo limodzi la soya, chifukwa nayenso ali ndi mafuta amadzimadzi ndipo mukapitiriza kumuthira wambiri mpaka kumapeto mafuta a nkhumba afewanso. Mwezi womaliza, ngati muli ndi makaka a chinangwa ouma bwino kapena mbatata, lowetsani m'malo mwa gawo lina la madeya. Zimenezi zilibe mafuta, ndiye nkhumba imapanga yokha mafuta ake, oyera ndi olimba. Musazikhutitse mpaka kusiya chakudya m'chodyera. Kawiri pa tsiku, chimene zingamalize pa mphindi makumi awiri, madzi okha ndiwo asasowe. Mankhwala a njoka za m'mimba muzipereka zikangoleka kuyamwa, apo ayi soya wanu mukudyetsa njoka. Za makombo zija ndisakusiyeni osakudzudzulani: zotsala za kukhitchini, makamaka ngati munalowa nyama ya nkhumba, ndi njira imodzi imene chigodola chimalowera m'khola, ndipo chigodola chilibe mankhwala kapena katemera amene mungakagule. Ngati simungaziwiritse, zitayeni.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene amagula mbuzi m'midzi n'kumapha pa tsiku la msika. Akuti masiku ena nyama imatuluka yakuda, youma, ndipo pofika madzulo yayamba kale fungo, pamene mbuzi zinali zooneka bwino. Akuganiza kuti eni ake amazidyetsa zoipa.

Mayi, musaloze chala eni mbuzi. Mwanena nokha kuti mnyamata wanu amazimanga miyendo panjinga dzulo lake, zimagona zomangidwa, m'mawa n'kuphedwa. Mu mnofu wa chiweto chamoyo mumakhala shuga wosungidwa. Chikaphedwa, shuga ameneyu amasanduka asidi, ndipo asidiyo ndi amene amapatsa nyama mtundu wofiira bwino ndi kuiteteza kuti isaonongeke msanga. Mbuzi imene yakhala maola ambiri ikuphiriphitha panjinga, padzuwa, yopanda madzi, imatha shuga yense isanafike pa mpeni. Nyama yake imada, ndipo tizilombo toolesa timaswana mwamsanga. Temple Grandin, pulofesa wa ku Colorado State University ku America, wakhala zaka zambiri akuonetsa eni malo ophera ziweto kuti mantha, zikwapu ndi phokoso zimatsitsa mtengo wa nyama. Gulani mbuzi kukadali masiku awiri, muzimasule, zikhale pamthunzi, zimwe madzi, zidye masangwi a mtedza kapena msipu. Usiku womaliza chotsani chakudya koma madzi asiyeni. Ndipo muziyang'ana m'kamwa pogula. Mbuzi ya mano akuluakulu awiri kutsogolo yangopitirira chaka, nyama yake ndi yofewa. Ya mano akuluakulu asanu ndi atatu, ena atayamba kuperepeseka, ndi gogo, ngakhale muisamale chotani makasitomala adzatafuna mpaka nsagwada kuwawa.

Womaliza ndi mnyamata wa ku Thyolo amene akuti nyama ya nkhumba yake inkanunkha mkodzo ikakhala pamoto, ndipo akukayikira usipa umene ankasakaniza m'chakudya. Achimwene, simunanene ngati nkhumbayo inali yothena, ndipo kusanenako kwandiuza kale yankho. Fungo la mkodzo limachokera ku mphongo yosathena ikatha msinkhu. Chimene chimanunkhacho chimapangidwa m'machende n'kukakhazikika m'mafuta, ndipo wasayansi wina wa ku Britain, R. L. S. Patterson, anachizindikira mu 1968. Usipa ukachuluka umabweretsa fungo lake, koma la nsomba, ndipo limenelo mumalipewa posiya kuupereka kukatsala mwezi ndi theka kuti muphe. Tiana tamphongo tonse timene simukufuna kusunga mbewu muzitithena tisanathe masabata awiri, chilonda chikadali chaching'ono. Muitane mlangizi wa ziweto akuonetseni kaye, osangotenga lezala. Ngati muli ndi mphongo ina yaikulu m'khola imene mukufuna kugulitsa, imeneyo athene ndi a zaziweto, ndipo mudikire miyezi iwiri fungo lituluke m'mafuta musanaitane wogula.